Ndodo yoyezera madzi a m'mgolo: mmene ntchito ya kalabu yathu ya masamu ikuyendera

Kumayambiriro kwa Meyi

Kalabu yagwirizana ntchito ya teremu ino. Tipanga ndodo yoyezera madzi a mu mgolo wa kudimba la sukulu, yoti munthu akaiviika n'kuizula adziwe malita amene atsala popanda kulota. Mgolowo ndi wachitsulo, wa malita 200 uja amagulitsiramo mafuta, ndipo ana a Agriculture amatungamo pothirira mpiru, repu ndi tomato. Kuno ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya, mwezi uno mawawa akadalipo, koma pofika Julayi dimba lonse lidzadalira mgolo umenewu.

Ine chimene ndikufuna pa ntchitoyi si ndodo yokha. Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene ali m'kalabu amaidziwa njira yopezera equation ya mzere wowongoka ukawapatsa mapointi awiri, chifukwa funsoli limabwerabwera pa mayeso a MSCE ndipo amaliloweza. Ndinawalembera pabolodi (2, 3) ndi (6, 11). Sanachedwe. Kusiyana kwa ma y ndi 8, kusiyana kwa ma x ndi 4, gradient (kapendekeke ka mzere, kolembedwa m) ndi 8 kugawa ndi 4, ndiye 2. Anaika mu y = mx + c, anapeza kuti 3 = 4 + c, ndiye c ndi −1, yankho y = 2x − 1. Manja m'mwamba pafupifupi onse. Koma nditafunsa kuti 2 ameneyu akutiuza chiyani za mzerewo, m'kalasi munangoti zii. Mnyamata wina wolimba mtima anati, "Madamu, ndi m basi."

Yankho limenelo limandiwawa mumtima kuposa yankho lolakwa. Mwana wotere mayeso akhoza kukhoza ndithu, koma mawa akakumana ndi funso lomweli kuntchito, lopanda x ndi y, sadzalizindikira. Ndiye teremu ino x akhala masentimita a pa ndodo, y akhala malita a mu mgolo, ndipo m ndi c aliyense akhala ndi tanthauzo loti munthu angaliloze ndi chala.

Sabata yotsatira

Zipangizo zapezeka. Ana anabweretsa nsungwi poyamba, koma nsungwi imapindika ndipo mfundo zake zimasokoneza tepi, ndiye tinapempha kalipentala wa ku Chibavi kuti atipalire kathabwa kowonda ka paini wa ku Chikangawa, kotalika mita imodzi. Ndalama yake yachokera m'thumba la kalabu. Mgolo tauika pa njerwa, n'kuuwongola ndi levulo yobwereka kwa amisiri amene akumanga chimbudzi cha atsikana. Mgolo ukapendekeka, ndodo imawerenga zosiyana malinga ndi mbali imene waiviika, choncho talembanso chizindikiro pa mkombero pamene ndodo izilowera nthawi zonse.

Vuto linali choyezera malita. Ana amati tingogwiritsa ntchito chigubu cha mafuta ophikira popeza chinalembedwa 20 L. Koma chigubu ukachidzaza mpaka kukamwa chimapitirira malita 20, chifukwa opanga amasiya mpata pamwamba. Tinatenga silinda ya lita imodzi ku labu, tinathira lita ndi lita, ndipo pamene malita 20 anafika tinalemba mzere ndi maka. Ntchito yotopetsa, ena anayamba kung'ung'udza, koma chigubu chikanama ndiye kuti mapointi onse anama, ndipo palibe masamu amene angawakonze pambuyo.

Pakati pa Meyi

Mawawa atilepheretsa kupita kudimba, ndiye takhala mu labu. Ndinatenga thermometer yokhala ndi manambala mbali ziwiri n'kuwauza zinthu ziwiri zokha: madzi amaundana pa 0 °C, amene ndi 32 °F, ndipo m'mphepete mwa nyanja yamchere amawira pa 100 °C, amene ndi 212 °F. Kuno kwathu, poti tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, madzi amawira asanafike 100, cha ku ma 96, koma zimenezo sizisintha mgwirizano wa masikelo awiriwa. Mapointi ndi (0, 32) ndi (100, 212). Gradient ndi 180 kugawa ndi 100, kutanthauza 1.8, ndipo c sitinavutike kumufunafuna popeza pointi yoyamba ili kale pamene x ndi 0. F = 1.8C + 32. Ena anaseka modabwa, kuona fomula imene analoweza kalekale ikutuluka m'manja mwawo. Daniel Fahrenheit anakonza sikelo yake mu 1724, Anders Celsius anakonza yake mu 1742, aliyense payekha, koma poti masikelo onse awiri amakwera ndi masitepe ofanana, mzere wowongoka ndi umene umawalumikiza.

Apa ndinafunsanso funso langa lija. Ulendo uno mtsikana wina anayankha kuti Celsius akakwera ndi 1, Fahrenheit amakwera ndi 1.8. Ndinamupempha abwereze mokweza kuti onse amve. Yemweyo, poti mayi ake ndi namwino, anati kutentha kwa thupi la munthu wabwinobwino ndi 37 °C ndipo pa thermometer yakale ya kunyumba kwawo pali chizindikiro pa 98.6. Tinayesa: 1.8 kuchulukitsa ndi 37 ndi 66.6, kuphatikiza 32 ndi 98.6. Zinagwirizana.

Taika lamulo la kalabu kuyambira lero: equation iliyonse yopezeka ndi mapointi awiri siilandiridwa mpaka itayesedwa ndi pointi yachitatu imene sinagwiritsidwe ntchito poipeza.

Meyi, tsiku loyeza mgolo

Tinakhuthula mgolo, tinautsuka, n'kugawana magulu awiri. Gulu loyeza limathira zigubu ndi kuwerenga ndodo. Gulu lowerengera linakhala pansi pa mtengo wa mapeyala ndi makalkuleta, ndipo limangolandira manambala amene ine ndalola kuti lipatsidwe. Ndinawapatsa awiri: malita 40 anafika pa masentimita 16, malita 140 anafika pa masentimita 55. Zimene ndodo inawerenga pa malita 100 ndi 180 gulu loyeza linabisa m'kope.

Wapampando wa kalabu anafunsa chifukwa chake sitinatenge mapointi oyandikana, 40 ndi 60, kuti tisavutike kutunga. Funso labwino, ndipo tinaliyankha ndi manambala. Powerenga ndodo yonyowa, kuphonya ndi theka la sentimita n'chinthu chapafupi. Malita 20 amakweza madzi ndi masentimita pafupifupi 8. Ukawerenga 8, gradient ndi 2.5, ukawerenga 7.5, gradient ndi 2.67. Koma pa malita 100, ukawerenga 39 upeza 2.56, ukawerenga 38.5 upeza 2.60. Kuphonya n'kofanana, koma mapointi otalikirana amakuchepetsa mphamvu. M'buku la masamu nkhani imeneyi siituluka chifukwa mapointi a m'buku saphonya.

Gulu lowerengera linapeza m = 100/39, pafupifupi 2.56. Poika (16, 40) linapeza c pafupifupi −1. Equation: y = 2.56x − 1. Linalosera kuti malita 100 afika pa masentimita 39.4 ndipo malita 180 pa 70.6. Kope litatsegulidwa munali 39.5 ndi 70.5. Kunali nthungululu mpaka aphunzitsi a m'kalasi yoyandikana anasuzumira pawindo.

Kenako mkangano wa −1. Ndodo ikawerenga 0, mu mgolo mungakhale bwanji lita imodzi yochotsera? Ena amati tingomufufuta, tilembe y = 2.56x. Ndinawauza kuti asanafufute akasuzumire mu mgolo. Pansi pake si pafulati: pakati panatukuka pang'ono, ndipo ndodo yathu imatera m'mbali, pamalo otsika. Masentimita oyambirira amatenga madzi ochepa poyerekeza ndi ena onse, ndipo −1 uja ndi madzi amene malo awo anatengedwa ndi chitsulo chotukukacho. Mwina gawo lina ndi kuphonya kwathu powerenga, popeza lita imodzi siikwana ngakhale theka la sentimita pa ndodo. Tamusiya −1, ndipo talemba m'kope kuti equation imeneyi tisaidalire madzi akatsika kufika pa masentimita 5.

Chimene chandisangalatsa koposa chinachitika pomaliza, tikulongedza. Mnyamata yemwe uja anati "ndi m basi" anatenga tepi n'kuyeza kukamwa kwa mgolo: masentimita 57. Theka lake 28.5. Anawerengera πr² napeza pafupifupi 2,550, ndipo anaima kaye, kenako anati, "Madamu, ngati lita ndi ma cubic centimetre 1,000, ndiye sentimita iliyonse ya mgolo imatenga malita 2.55. Ndiye gradient ija ndi kukula kwa pansi pa mgolo?" Ndi momwemodi. Sindinamuuze ine, ndipo sindinaganize zoti tifika pamenepo lero. Nambala imodzi, wina waipeza ndi zigubu, wina waipeza ndi tepi, kusiyana 0.01 yokha.

Kumapeto kwa Meyi

Ana a Agriculture atamva, anapempha kuti tiwalembere zizindikiro m'ndowa yawo ya pulasitiki ya malita 20, imene amasungunuliramo feteleza. Kalabu inavomera monyadira, poganiza kuti ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ine sindinanene kanthu.

Malita 2 anafika pa masentimita 4. Malita 18 anafika pa 31. Gradient 16/27, pafupifupi 0.59, ndipo c pafupifupi −0.4. Zonse zinayenda bwino, equation yooneka bwino ngati ya mgolo. Malinga ndi lamulo lathu analosera pointi yachitatu: malita 10 ali pakati penipeni pa 2 ndi 18, ndiye ayenera kufika pakati penipeni pa 4 ndi 31, pa masentimita 17.5. Atathira, ndodo inawerenga 18.5.

Mlandu unagwera woyeza. Anamuchotsa, anaika wina, ndipo wachiwiriyo anawerenganso 18.5. Ena anakayikira silinda, ena anati ndowa yapendekeka. Ndinawauza kuti ayeze malita 6 ndi 14. Mzere umati 10.8 ndi 24.3, ndodo inati 11.5 ndi 25. Tinajambula mapointi onse asanu pa pepala la girafu n'kudutsitsa mzere pa awiri a kumapeto, ndipo atatu apakati onse anagwera mbali imodzi ya mzere, wapakatikati ndiye wotalikira kwambiri. Pamenepo ndinawafunsa kuti, kuphonya kwa munthu wowerenga ndodo kumakondera mbali imodzi? Sikukondera. Lero uwerenga mopitirira, mawa mopelewera, mapointi amamwazikana uku ndi uku. Akakhala onse mbali imodzi, atapanga uta chonchi, ndiye kuti vuto silili kwa woyeza. Chinthucho sichitsata mzere wowongoka.

Mtsikana wa ku Zolozolo, amene nthawi zambiri salankhula, ananyamula ndowa m'mwamba n'kuonetsa anzake kuti pansi ndi yopapatiza, kukamwa ndi yotakata. Kuchoka pa malita 2 kufika 6 madzi anakwera masentimita 7.5, kuchoka pa 14 kufika 18, malita anayi omwewo, anakwera 6 okha. Ngati gradient ndi kukula kwa pansi, ndiye m'ndowa "pansi" pamanka nipakula madzi akamakwera. Gradient ikusintha, ndipo chinthu chimene gradient yake ikusintha sichingakhale ndi equation ya y = mx + c.

Ndakhala ndikuilingalira nkhani imeneyi kunyumba, chifukwa ndikuona kuti apa ndi pamene kaphunzitsidwe kathu kamasiya mpata. Euclid, amene ankaphunzitsa ku Alexandria cha m'ma 300 BC, anayamba mfundo zake zoyambira ndi yakuti pakati pa mapointi awiri alionse ukhoza kujambula mzere wowongoka. Alionse. René Descartes atafalitsa La Géométrie mu 1637, anthu anapeza njira yolembera mizere ngati equation, ndiye mapointi awiri alionse amakupatsa equation. Sakana. Ukhoza kutenga nambala ya nsapato ya ana awiri ndi malikisi awo a masamu, fomula idzakupatsa m ndi c mosazengereza. Kutuluka kwa yankho si umboni wakuti mzere ulipodi. Zili ngati pabwalo la amfumu: anthu awiri akapangana zonena, nkhani yawo imamveka yowongoka, ndipo amfumu amaiona poitana mboni yachitatu imene sinali nawo popangana. Pa mayeso funso limanena kale kuti "mzere wowongoka ukudutsa pa A ndi B", ndiye mwana sayenera kufunsa. Kunja kuno palibe amene amakuuza zimenezo.

Ndowa tailembera zizindikiro pothira lita ndi lita, popanda equation. A Agriculture alandira.

Juni, sabata yoyamba

Gulu lina linafuna kupeza equation ya mtengo wa kabaza molingana ndi mtunda. Anafunsa a Sacramento, monga timawatchulira a kabaza kuno ku Mzuzu, amene amaima ku depoti ndi ku Katoto. Mapointi anamwazikana kwambiri. Ulendo wokwera chitunda ndi wodula kuposa wotsika ngakhale mtunda uli umodzimodzi, katundu amawonjezera, mvula imawonjezera, usiku umawonjezera, ndipo wodziwa kunenerera amalipira zochepa. Okha anagamula kuti apa mzere palibe, ndipo ntchitoyo aisiya. Ndawalembera kuti achita bwino. Mwezi wathawu akanasankha mapointi awiri owakomera n'kubweretsa equation.

Juni, kukonzekera mayeso

A Fomu 4 anapempha tsiku la mafunso a papepala okhaokha, ndipo ali ndi chifukwa. MANEB siidzawafunsa za mgolo wathu. Ndalemba pano zolakwa zimene zikubwerezedwa kuti tidzabwererenso.

Manambala ochotsera ndi amene akugwetsa ambiri. Pa (−3, 7) ndi (2, −3), pamwamba ndi −3 − 7, amene ndi −10, pansi ndi 2 − (−3), amene ndi 5, gradient −2, ndipo equation ndi y = −2x + 1. Ambiri analemba pansi 2 − 3 n'kupeza 10. Ena amayambira pointi yachiwiri pamwamba, pansi n'kuyambira yoyamba, chizindikiro n'kutembenuka. Mankhwala ake ndi kujambula kachithunzi pambali, ngakhale kopanda rula: pointi imodzi ili m'mwamba kumanzere, ina ili m'munsi kumanja, mzere ukutsika, ndiye gradient singakhale yophatikiza. Ndipo pomaliza kuika mapointi onse awiri mu yankho. Pa mayeso pointi yachitatu palibe, koma imene sunagwiritse ntchito popeza c imagwira ntchito yomweyo.

Gradient ikakhala fulakishoni, ndawalangiza kugwiritsa ntchito y − y₁ = m(x − x₁). Pa (1, 2) ndi (4, 4), m ndi 2/3; y − 2 = 2/3(x − 1); kuchulukitsa mbali zonse ndi 3, n'kusamutsa, 2x − 3y + 4 = 0. Njira imeneyi imapewa kusandutsa 2/3 kukhala 0.67, kumene kumaononga yankho.

Pomaliza ndinawapatsa (4, 1) ndi (4, 9). Makalkuleta analemba Error. Wina anati gradient ndi 0, wina anati funso ndi lolakwika. Titajambula anaona kuti mzere waima chilili, x sasintha, ndiye equation ndi x = 4 basi, ndipo gradient palibe chifukwa sungagawe ndi 0. Wa gradient 0 ndi wogona, monga wodutsa pa (1, 4) ndi (9, 4), y = 4. Awiriwa amasokonezedwa chaka ndi chaka.

Pakati pa Juni

Kwazizira kwambiri, m'mawa nkhungu imaphimba mpaka bwalo la mpira silioneka, koma mvula yasiya ndipo kuthirira kwayamba. Tayamba mzere wachiwiri: x ndi masiku kuchokera pamene mgolo unadzazidwa, y ndi malita amene atsala, owerengedwa m'mawa uliwonse ndi ndodo yathu asanatunge. Pa tsiku 1 munali malita 168, pa tsiku 4 munali 96. Gradient ndi (96 − 168) kugawa ndi (4 − 1), ndiye −24. c ndi 192. y = 192 − 24x. Masiku 2 ndi 3 anapereka 143 ndi 121, pamene mzere umati 144 ndi 120. Mmodzi m'munsi, wina m'mwamba, ndiye mzere tauvomereza.

Ulendo uno tanthauzo sanalifunse kwa ine. 192 ndi madzi amene anathiridwa poyamba. −24 ndi malita otha tsiku lililonse. Pamene mzere ukudula x, pa 8, ndi tsiku limene mgolo uti gwa. Wina anakumbutsa kuti mpopi wa mgolo uli masentimita 6 kuchokera pansi, ndiye malita pafupifupi 14 a pansi satuluka; poika y = 14 anapeza x = 7.4, kutanthauza kuti pa tsiku 7 mgolo uyenera kudzazidwanso.

Koma a Agriculture anatsutsa −24. Iwo amatunga makeni awiri a malita 10 pa tsiku, 20 basi, ndipo ali ndi kope lolembamo. Malita 4 akupita kuti? Ana anayamba kutchulana, ena kuloza anyamata amene amatsuka nsapato akatha mpira, ena mpaka kutchula a mlonda. Apa ndinakalipa. Munthu satchulidwa kuba chifukwa cha gradient. Ndinawauza kuti apeze njira yoyezera, ndipo anaipeza okha: mgolo ukhale wovundikira ndi womanga ndi waya kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lolemba m'mawa, popanda wotunga. Ngati madzi akubedwa, mzere ugona, gradient 0. Ngati ukutsikabe, vuto lili pa mgolo.

Lolemba madzi anali atatsika masentimita 4, malita pafupifupi 10 pa masiku awiri ndi theka ndi kanthu, zimene zikubwera pa malita 4 pa tsiku. Tikuwerenga ndodo, a mlonda anafika n'kunena kuti, "Madamu, mpopiwo umadontha, ine m'mawa uliwonse ndimapeza pansi panyowa. Mukanandifunsa." Ana amene anawatchula aja anawerama. Ndinawatuma kuti akapepese, ndipo anapita. Bamboyo ndi amene anatidulira kalabala kuchokera ku chubu cha njinga n'kumanga mpopi bwinobwino. Sabata ino gradient ikusewera pa −20 mpaka −21.

Kadontho ka pa mpopi kamathamanga mgolo ukadzaza ndipo kamachepa madzi akatsika, chifukwa mphamvu ya madzi yokankha imachepa. Ndiye kunena zoona mzere wa kudontha nawonso ndi wopindika pang'ono. Pa malita 4 kupindikako ndodo yathu singakuone, ndipo ndangowauza a Fomu 4 okha.

Kumapeto kwa Juni

Aphunzitsi a Geography anatipempha tiwathandize pa phunziro la kuzizira kwa malo okwera, ndipo tinaphatikiza makalasi. Muyezo umene oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito umati pagombe la nyanja yamchere ndi 15 °C, ndipo pa mamita 11,000 ndi −56.5 °C. Mapointi awiri: (0, 15) ndi (11000, −56.5). Gradient ndi −71.5 kugawa ndi 11,000, amene ndi −0.0065, ndiko kuti madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse okwera. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474, Mzuzu pafupifupi 1,250. Tinati tiyerekeze kuti ku Nkhata Bay masana kuli 26 °C. Ndi gradient imeneyi komanso pointi imodzi, (474, 26), anapeza kuti kuno kukhala pafupifupi 21, ndipo pa mamita 2,000, monga kumtunda kwa Nyika, pafupifupi 16. Aliyense amene anatsikapo msewu wa M5 atavala juzi n'kukaivula asanafike kunyanja anavomereza kuti madigiri 5 ndi omveka.

Ndinawonjezera kuti mu muyezo womwewo, kupitirira mamita 11,000, kuzizira kumaima pa −56.5 mpaka mamita 20,000. Mzere uli ndi polekezera, monga wa mgolo umalekezera pa masentimita 5 pansi ndi kukamwa pamwamba. Equation payokha sinena polekezera pake. Wolemba ayenera kupalemba pambali. Taonjezera zimenezi pa lamulo la kalabu.

Kumayambiriro kwa Julayi

Ndodo yatha. Tinatembenuza equation kuti x akhale yekha, x = (y + 1)/2.56, n'kuwerengera malo a malita 20 alionse: 20 pa masentimita 8.2, 40 pa 16.0, 60 pa 23.8, 80 pa 31.6, 100 pa 39.4, choncho mpaka 200, masitepe a 7.8. Penti imakanganuka m'madzi, ndiye zizindikiro tadula ndi sowo ndipo manambala tawotcha ndi msomali wamoto. Kumbuyo kwa ndodo tawotchapo y = 2.56x − 1 ndi mawu akuti ndi ya mgolo wachitsulo wokha. Imakhala mu ofesi ya Agriculture, ndipo wowerenga m'mawa amasinthana malinga ndi ndandanda imene yamatidwa pachitseko.

Zotsala ndi ziwiri. Sukulu yalandira mgolo wina, wa pulasitiki wa buluu, wofufuma pakati ndi wopapatiza kukamwa ndi pansi. Ana a Fomu 3 anauona n'kunena okha kuti ndodo yathu siigwira pamenepo. Maganizo awo ndi akuti gawo lapakati likhoza kutsata mzere wowongoka ndipo kumapeto kokha ndi kopindika. Ayeza malita 20 alionse n'kujambula mapointi onse asanasankhe awiri opezera equation, kuti aone pamene mzere ukuyambira ndi pamene ukulekezera. Ayamba a Fomu 4 akamaliza mayeso, chifukwa silinda ya ku labu yasungidwa kaye. Chachiwiri, mapointi a mgolo wachitsulo tsopano ndi ambiri, ndipo wapampando akufunsa ngati pali njira yopezera mzere wogwiritsa ntchito onse m'malo mosankha awiri. Ilipo, njira ya least squares imene Adrien-Marie Legendre anafalitsa mu 1805, ndipo makalkuleta ena amene ana ali nawo amaichita. Mu silabasi yawo mulibe, koma ndamulonjeza kuti tidzayamba ndi mzere wojambula ndi rula pakati pa mapointi, kenako tidzaufananize ndi wa kalkuleta. Pepala la girafu latha. Mlembi wa kalabu akagula kutauni Loweruka.